Tsiku Limene A Hedi Anagwiranso Choko

Inu, sunthirani kuno mumve za a hedi a pasukulu ya kwathu, chifukwa nkhani imeneyi mukakaimvera kwa ena akaithira mchere, pomwe ili nawo kale wokwana.

Aphunzitsi ankawatchula kumbali kuti a Ndanenakale. Ukalowa mu ofesi mwawo ndi dandaulo, usanafike ndi pakati pomwe, iwo dzanja m'mwamba: "Ndanena kale." Anali munthu wathupi lake, wa suti ndi taye ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Choko anasiya kuchigwira kalekale, moti ana amene anawaphunzitsa komaliza anali atabereka awo n'kuwabweretsa pasukulu pomwepo. Ntchito yawo inali kusaina, kudinda chidindo, ndi kuzungulira pampando wa mateyala uku akuyang'ana pawindo ngati pali mphunzitsi wochedwa.

Ndiye boma linatulutsa malamulo atsopano a masukulu. A hedi anasonkhanitsa aphunzitsi onse m'chipinda chawo chomwera tiyi, naimirira kutsogolo, nayamba kuwerenga mokoma ngati akunyambita uchi.

"Mphunzitsi asagwire foni m'kalasi." Anakweza maso n'kuyang'ana mphunzitsi wa masamu, mnyamata amene chala chake sichinkachoka pagalasi la foni. "Mphunzitsi asatume mwana wasukulu ntchito iliyonse yosakhudza phunziro lake. Ndodo, rula, kutsina khutu, kulalatira mwana, zonsezo zatha." Anamwetulira. "Lamulo silidya ndi munthu, anzanga."

Anatembenuza tsamba. Maso anathamangira kutsogolo kwa pakamwa, ndipo pakamwa panaima. Anatsokomola, napinda pepala lija.

"Zotsalazi ndi za mipanda ndi zimbudzi. Tingathe kubalalika."

Mayi a depute, wachiwiri wawo, munthu wofatsa amene amakubaya akumwetulira, anakweza dzanja. "Pepani bwana. Pa wailesi ananenanso za ahedi."

"Wailesi imanena zambiri, mayi."

"Anati hedi aliyense azikhala ndi kalasi yake yophunzitsa tsiku lililonse, ndipo woyendera masukulu azibwera kudzaonerera. Wolephera azibwerera kukakhala mphunzitsi wamba, n'kutuluka m'nyumba ya hedi. Kapena ndinamva molakwika?"

Wina anasiya supuni m'kapu mosamala ngati akugoneka khanda.

"Chimenecho ndinachisungira dala kumapeto," anatero a hedi. "Ine ndinayamba kuphunzitsa ena a inu musanamere mano. Choko ndi m'bale wanga."

Mphunzitsi wa masamu uja anawapatsa buku la kalasi yomaliza mwaulemu wonse, ndi manja awiri. A hedi anatsegula pakati, napeza manambala atasakanikirana ndi zilembo ngati nyemba ndi miyala. Anatseka msanga.

"Ana awa ali ndi mayeso, sindifuna kuwasokoneza ndi nzeru zambiri nthawi imodzi. Ine nditenga kalasi yoyamba. Nyumba imalimba ndi maziko."

Mumtima ankati: tiana timeneti n'kuimba kanyimbo, kujambula dzira pabolodi, belu lalira, basi ndabwerera pampando wanga. Inu, munthu amene sanapukutepo mamina a mwana wa eni asamafulumire kulankhula.

M'mawa mwake madamu a kalasi yoyamba anawadikirira pakhomo, nawapatsa choko ndi kansanza konyowa.

"Kofufutira bolodi?"

"Mukaona nokha, bwana," anatero madamu, n'kunyamuka msangamsanga ngati munthu amene wakhululukidwa mlandu.

A hedi analowa. Tiana tinadzaza chipinda mpaka kukhoma, ena pamabenchi, ena pansi, maso onse pa iwo. Tsono chimene a hedi sankadziwa n'chakuti makolo a dera lonselo ankaopsezera ana dzina lawo. Mwana akakana kusamba, "ndikakunenera kwa a hedi." Akakana mankhwala, "a hedi akubwera." Ndiye lero a hedi aja abweradi, atseka chitseko.

"Mwadzuka bwanji, ana inu?" anafunsa ndi mawu awo a pamzere aja, ogwedeza malata.

Kamtsikana kena kakutsogolo, ka magweru, kanapinda mlomo pang'onopang'ono, kenaka kanatsegula kukamwa konse. Mnzake wa pambali anapolokeza. Posakhalitsa kalasi yonse inali maliro.

"Chete," anatero a hedi. Kulira kunakwera. Dzanja lawo linapapasa pathebulo kufuna ndodo, koma linakumbuka lokha kuti ndodo anaziletsa dzulo ndi pakamwa pawo pomwe. Madamu anasuzumira pawindo, a hedi n'kuwabweza ndi dzanja ngati zonse zikuyenda mmene anakonzera.

Kulira kutachepa chifukwa cha kutopa, mwana wina anakweza chala. "Ndikufuna kukataya madzi."

"Pita," anatero a hedi, akusangalala kuti wina wawalankhula.

"Inenso."

"Pita."

Anatembenuka kuti alembe tsiku pabolodi. Choko chinathyoka, anatola, chinathyokanso. Pocheuka, m'kalasi munatsala mwana mmodzi yekha, atakhala phee pakona.

"Iwe ndiye mwana wabwino. Sukufuna kupita?"

"Ndamaliza kale."

Apa m'pamene a hedi anadziwira ntchito ya kansanza kaja.

Atatuluka panja anapeza kalasi yawo yamwazika ngati anapiye aona mphamba. Ena anali pampopi akuthirana madzi, ena m'bwalo la mpira, ena atanyamula zikwama akulowera kwawo poganiza kuti sukulu yaweruka. A hedi anathamangira pawindo la kalasi yomaliza.

"Aphunzitsi, tandibwerekeni ana akuluakulu andigwirire tiana iti."

Mphunzitsi wa masamu anaima, manja kumbuyo. "Ndikadakonda, bwana. Koma kugwira ana si phunziro lawo. Lamulo silidya ndi munthu."

Ndiye tangoganizani munthu wamkulu, wa suti, taye ikuuluka paphewa, akuzungulira bwalo la mpira manja atatambasula ngati akukusa nkhuku. Akagwira awiri, wachitatu wapulumuka pakati pa miyendo. Mawindo onse a sukulu anadzaza mitu. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sananene kuti nkhonya zake zidzachokera kwa anthu ofika m'mawondo.

Tsiku lotsatira anabwera ndi nzeru ina. Anakumbuka kuti kusukulu ya uphunzitsi anawauza kuti mwana uzimulankhula uli pa msinkhu wake. Anakoka kampando ka mwana, kokhala ndi tizitsulo m'mbali, nakhalapo. Kukhala kunatheka. Poti aimirire, kampando kanaimirira nawo. Anagwedeza chiuno, kali pomwepo. Anayenda chowerama kulowera kubolodi, kampando kali kumbuyo ngati chigoba cha nkhono.

Kamagweru kaja, kamene kanayambitsa maliro dzulo, kanayamba kuseka. Kanaseka mpaka kugwa chagada. Kalasi yonse inatsatira, ndipo tiana tina tinathamanga kudzakoka miyendo ya kampando, ena akukoka a hedi ndi taye kutsogolo, mpaka kanazuka ndi phokoso ngati chivindikiro cha botolo.

Mantha anathera pomwepo, ndipo mavuto enieni anayamba. Tsopano ankawakwera ngati mtengo wa mango. Uyu akufuna amumangire nsapato, uyu akuwaonetsa dzino logwedera, uyu wameza kofufutira, uyu akunena kuti mnzake wamuyang'ana. Taye ija inasanduka mpango wa kalasi yonse. Akamabwerera ku ofesi ankagwera pampando wa mateyala osazungulira n'komwe.

Kunyumba akazi awo ankaziona zonsezi. Mayiwo nkhawa yawo inali nyumba: ya zipinda zokwanira, mpopi uli mkati, kuseri kuli dimba la ndiwo zamasamba ndi mapapaya amene anabzala okha.

"Bambo, ndikuuzirenitu," anatero Loweruka lina masana, ali pakhonde. "Ine m'kanyumba kotunga madzi kwa aneba sindibwereramo. Tiyeni, imirirani apo. Ine ndikhala mwana, inu phunzitsani."

Anakhala pansi, miyendo tambalale, chala m'kamwa. A hedi anakonza kukhosi.

"Ana inu, lero tiphunzira…"

"Aphunzitsi, wanditsina."

"Ndani?"

"Udzudzu."

"Chabwino. Lero tiphunzira…"

"Aphunzitsi, mimba yanu muli mwana?"

"Mayi, ndikufuna zenizeni."

"Zenizeni zake n'zimenezi. Ana anu omwe munkangowaona atasamba kale, atadya, ali m'tulo. Mwana sathamangitsidwa, bambo. Dziwani dzina lake, dziwani chimene chimamuliza, mudzaona akukutsatani yekha."

"Woyendera masukulu sadzabwera kudzamva mayina. Adzafuna mayankho."

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Kutsina khutu analetsa," anatero a hedi, nalowa m'nyumba.

Mayina anawaphunzira ndithu, osati chifukwa chomvera akazi awo koma chifukwa sungakuwire "iwe" m'chipinda mmene aliyense ndi iwe. Koma nzeru imene anaidalira inali ina. Anakonza phunziro limodzi lokha, la zopezeka pakhomo, nayamba kulibwereza tsiku ndi tsiku, mafunso omwewo, mundondomeko yomweyo.

"Chimalira m'mamawa n'chiyani?"

"Tambala."

"Chimauwa n'chiyani?"

"Galu."

"Chimatipatsa mkaka?"

"Ng'ombe."

"Chili ndi ndevu, chimadya chilichonse?"

"Mbuzi."

"Amatisamalira kunyumba ndani?"

"Amayi."

Ana analoweza mpaka ankayankha mofanana ngati kwaya. A hedi akangokweza mawu kumapeto kwa chiganizo, yankho lagwa kale. Mayi a depute anadutsa tsiku lina, namvetsera pakhomo.

"Zikumveka bwino, bwana. Koma mwayesapo kuwafunsa mosintha?"

"Mayi, ng'oma ikamalira bwino suisintha chikopa."

Uthenga unafika kuti woyendera masukulu abwera Lachinayi. M'mawa wa tsikulo a hedi anadziyang'ana pagalasi naona kuti imvi zachuluka, zina zatsopano zochokera ku kalasi yoyamba. Munthu wa imvi zotere, anaganiza, angamuone ngati wotha ntchito. Mankhwala odetsera tsitsi ankawaona ngati kuwononga, pomwe polishi wa nsapato ali m'nyumba momwemo, wakuda bii. Anapaka bwinobwino ndi kaburashi, napesa. Akazi awo ananunkhiza m'mwamba.

"Mwapolisha nsapato kawiri?"

"Lero ndi tsiku lalikulu."

Woyendera masukulu anafika dzuwa litakwera. Anali bambo wamtali, woonda, wa kandevu kosongoka pachibwano, wosaseka wamba. Anakana tiyi, nati ayambe ndi kalasi. Anakakhala kumbuyo kwenikweni, mawondo ali m'khosi, mayi a depute ali pambali pake. Malata anali atayamba kale kuthetheka ndi kutentha.

A hedi anaimirira kutsogolo. Ana anakhala tcheru, milomo yokonzeka. Ndiye ulemu, inu, ulemu ndi umene unawapha. Anaona kuti si bwino kuyamba phunziro osamulandira mlendo. Anatambasula dzanja kuloza kumbuyo.

"Ana inu, lero tili ndi mlendo wolemekezeka. Kodi mukumudziwa ameneyu ndi ndani?"

"Tambala!" inayankha kalasi yonse, mogwirizana bwino kuposa masiku onse.

Mayi a depute anayang'ana kudenga. Mlendo anakweza nsidze imodzi, nalemba kanthu.

A hedi anamva thukuta likuyamba ulendo kuchokera pakati pa mutu. Anati ndithamangire ku phunziro, zikonzeka zokha.

"Ayi, ayi. Tamverani bwino. Chimalira m'mamawa n'chiyani?"

"Galu."

"Chimauwa n'chiyani?"

"Ng'ombe."

Ngolo inali itaphonya msewu ndipo inkatsetsereka yokha. Munthu wanzeru akanaima, n'kuwaimbitsa kanyimbo, n'kuyambiranso. Koma a hedi anafuna kuonetsa kuti ana awa amadziwa kanthu ndithu, kanthu kamene sangaphonye ngakhale atadzutsidwa kutulo. Anadzimenya pachifuwa.

"Chabwino. Tiyeni tiyambe ndi chapafupi. Ine ndine ndani?"

"Mbuzi!"

Kumbuyo kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa ndi madzi. Mlendo anali ataphimba pakamwa ndi buku lake, mapewa akugwedezeka. Anadzigwira, nakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"A hedi, mundilole ndifunseko limodzi." Anagwira kandevu kake. "Ana inu, ndani ali ndi ndevu m'chipinda muno?"

"Amayi."

Mayi a depute, amene anali mayi yekhayo m'chipindamo, anadzigwira pachibwano asanaganize, kenaka anatuluka panja mofulumira. Kuseka kwawo kunamveka kukuchepa kulowera kumpopi.

Mafunso atatha, ana anakhala chete, okhutira kuti agwira ntchito yawo. M'chetemo Kamagweru kanayang'anitsitsa a hedi, maso akukula.

"Aphunzitsi, mutu wanu ukutuluka magazi akuda."

Polishi anali atasungunuka. Mizere yakuda inkatsika pachipumi, kuzungulira maso, kudutsa m'masaya mpaka mukolala ya shati yoyera. A hedi anapukuta ndi dzanja, n'kumaliza kudzipaka nkhope yonse. Kamagweru kanapinda mlomo muja kanachitira tsiku loyamba.

"Aphunzitsi athu akufa," kanalira, ndipo kalasi inayamba kukoka mpweya kuti ipolokeze.

Apa a hedi anaiwala mlendo, anaiwala nyumba, anaiwala ndi suti yomwe. Anagwada pasimenti, nakaitana kamwanako ndi dzina lake, nakaonetsa chala chakuda.

"Si magazi, mwanawe, ndi polishi. Nunkhiza. Aphunzitsi ako anasokoneza mutu ndi nsapato."

Kananunkhiza, kanasisima kamodzi, kenaka kanaseka. Anzake anaunjikana kuti nawonso anunkhize, aliyense akufuna kadontho pamphuno. A hedi anakapukuta mamina ndi taye, nabweza aliyense pamalo pake pomutchula dzina, uyu pabenchi, uyu pafupi ndi mlongo wake, uyu kutali ndi amene amamutsina. Pamene belu linkalira, theka la kalasi linali ndi mphuno zakuda ndipo palibe amene ankalira.

Mu ofesi, mlendo anakhala nthawi ndithu akupukuta misozi. A hedi anaima chilili, nkhope ngati pansi pa poto, akuganiza za mmene akawauzire akazi awo za mapapaya.

"A hedi," anatero mlendo, "ine pa ntchito imeneyi anthu amanditchula mayina ambiri ndikangotembenuka. Koma kutchedwa tambala pamaso, mwaulemu, ndi kalasi yonse, ndi lero."

"Bwana, ana aja anangophonya poyambira."

"Sanaphonye kanthu. Anakupatsani zimene munaikamo, mundondomeko yake. Phunziro lija ndi lolephera, ndipo ndilemba choncho."

A hedi anagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Koma ndilembanso kuti ndaona hedi atagwada pansi, akudziwa mwana aliyense dzina. Kumene ndachokera dzulo, hedi analowa m'kalasi ana n'kutulukira pawindo. Ofesi ikhalabe yanu pakadali pano. Ndidzabweranso, ndipo sindidzanena tsiku."

"Zikomo bwana. Ndiye poti maziko ndayala kale, mwina chigawo chamawa ndingasunthireko ku kalasi ya ana okulirapo."

"Ayi. Mukhala ndi omwewa mpaka chaka chithe. Munthu amene wawaphunzitsa kuti ng'ombe imauwa ndi yemweyo akawauze kuti yasiya."

Nkhani, mukudziwa, ilibe miyendo koma imafika kumsika mwini wake asanavule nsapato. Loweruka lotsatira a hedi anaperekeza akazi awo kokagula zinthu, mutu atameta mpala chifukwa polishi anakana kuchoka ndi sopo. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso, uku akuluma milomo. Wogulitsa nyama atawaona anatembenuza msanga mutu wa mbuzi umene unali pathebulo kuti uyang'ane kukhoma.

Ali pa matimati, anamva kamawu kakuthwa kuchokera kutsidya kwa msewu. Kanali Kamagweru, kakukoka mayi ake ndi chitenje, kakudumphadumpha ndi chisangalalo.

"Amayi, amayi, a Mbuzi athu awo."

Mayiwo anafuna kulowa pansi. Anakagwira pakamwa kamwanako, dzanja lina likukwera kale m'mwamba. "Pepani a hedi, mwana ameneyu ndikamuonetsa kunyumba."

"Musiyeni, mayi," anatero a hedi. Kamwanako kanapulumuka, kanathamanga n'kudzawakumbatira mwendo, n'kusiya chizindikiro cha mphuno pa thalauza lawo la Loweruka. "Ndinafunsa ndine. Iyeyu anangoyankha."

Atapita, a hedi anaima akuyang'ana banga lija, napumira m'mwamba. "Zaka zonsezi ndikumanga dzina, mayi. Taonani limene ndipite nalo kopuma."

Akazi awo anasankha tomato wina, namufinya pang'ono, namuika m'dengu.

"Muzithokoza, bambo. Mukanachedwa ndi funso limodzi lokha, bwenzi pano msika wonse ukukutchulani amayi."